Matumba Anayi pa Ekala Imodzi

Chilomoni, Blantyre
22 Okutobala 2023

Mchemwali wanga Stelia,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu a Lameck ndi mwana wathu Lusungu. Nanga amayi, mwendo uja ukuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti choko chandiumitsa kukhosi.

Kalatayi ndapatsira a Mavuto, oyendetsa minibasi ya pa Boma. Ndalemba dala m'malo moimba foni, chifukwa nkhani ya manambala ikayenda pa foni imafika itasintha, komanso kwanuko netiweki mpaka munthu akwere pachulu. Uisunge bwino.

Sabata ino ana anga a Fomu 3 ndikuwaphunzitsa mutu wa masamu wotchedwa fankishoni. Usaope dzinalo. Ndi lamulo chabe lakuti ukalowetsa nambala iyi, patuluka nambala iyo. Zili ngati chigayo: uthira ndowa ya mphale, ulandira ufa wake, ndipo ukabweranso mawa ndi ndowa yomweyo ufa ukhala womwewo. Cholowa chimodzi, chotuluka chimodzi. Ndili pa bolodi ndinakumbuka munda wa amayi wa kumtunda uja, wa ekala imodzi. Chaka chimene bambo anamwalira sitinathire feteleza, tinakolola matumba 4. Chaka chotsatira tinathira thumba limodzi, tinapeza 10. Chiyambire kulima alamu, amathira awiri ndipo mumapeza 16. Taona: 4, 10, 16. Thumba lililonse la feteleza likubereka matumba 6 a chimanga. Ndiye lamulo la munda wathu ndi ili: matumba a feteleza uwachulukitse ka 6, kenako uwonjezere 4.

Tsono ndafunsa funso limene kumudziko simunafunsepo. Nanga titathira anayi? Matumba 28, Stelia. Chakudya cha chaka chonse, ena n'kugulitsa, amayi n'kufoleredwa nyumba ndi malata.

Loweruka likubwerali a Mavuto atsitsa pa Boma matumba anayi, awiri a feteleza wokulitsa, awiri a wobereketsa. Alamu akatenge. Onse alowe m'munda umodziwo.

Undiyankhe, undiuzenso za mwendo wa amayi.

Ndine mchimwene wako,
Jeffrey

Matandani, Neno
5 Novembala 2023

Achimwene,

Moni wa kuno ndi wambiri. Tili bwino tonse. Amayi mwendo umatupa akayenda, ku chipatala anawapatsa mankhwala opaka koma akuti akununkha, sakupaka. Lusungu akuti amalume amugulire nsapato zotseka, zija munabweretsa zala zatulukira.

Matumba afika onse anayi. Alamu anu anawatuta pa njinga maulendo awiri, kukwera zitunda zathuzi akukankha. Amayi atawaona anavina pakhomo ndi mwendo womwewo. Zikomo kwambiri, achimwene, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Kalata yanu ndinawerengera onse. Za chigayozo ndinaseka, chifukwa chigayo cha kuno ndowa yomweyo lero ufa udzaza, mawa uperewera, malinga ndi amene ali pa makina. Koma masamu anu ndawamva, ndipo 28 ndi nambala yokoma kuimva.

Alamu anu anaitenga kalatayo n'kuiwerenganso okha, kenako anakanda m'mutu. Sanatsutse ayi, musandimve molakwa. Angoti ndikufotokozereni mmene amathirira. Muyeso wawo ndi chitsekerero cha botolo la zakumwa, chimodzi paphando lililonse, ndipo akatero thumba limodzi limatha ndendende ndi mundawo. Kuti matumba awiri athe ulendo umodzi, ndiye kuti zitsekerero ziwiri paphando. Akuti dothi la kumtundako ndi lochepa, pansi pake ndi nsangalabwi, sakudziwa ngati lingalandire zimenezo. Maganizo awo ndi akuti tithire awiri monga mwa nthawi zonse, awiriwo tisunge a chaka chamawa, kapena limodzi lipite kudimba.

Ine ndangopereka uthenga. Mutiuze.

Mchemwali wanu,
Stelia

Chilomoni
18 Novembala 2023

Stelia,

Ndalandira kalata yako, ndakondwa kuti muli bwino. Amayi uwauze kuti mankhwala sapakidwa chifukwa cha fungo. Nsapato za Lusungu ndiziona mwezi ukatha, unditumizire muyeso wa phazi pa kapepala.

Za feteleza, ndikuona kuti simunandimvetse. Alamu ndi munthu wolimbika, palibe angatsutse, koma kulimbika ndi kuwerengera ndi zinthu ziwiri. Iwo sukulu anasiyira Sitandade 7, ine masamu ndiwo amandidyetsa. Manambala atatu onse akuloza njira imodzi. Ngati chitsekerero chimodzi chimabala 16, n'chifukwa chiyani ziwiri zikanike kubala 28? Kusunga feteleza m'nyumba chimanga chili m'munda n'chimodzimodzi kusunga mankhwala wodwala ali pamphasa.

Ndinenenso ichi, poti malume kulibe ndipo woyang'anira mbumba yathu tsopano ndine. Mundawo ndi wa amayi, mawa ndi wako, mkuja ndi wa Lusungu. Alamu anabwera kudzakhala pakhomo pathu, amalima m'malo mwathu, ndipo timawathokoza. Koma chochita ndi munda chimachokera kwa eni ake. Ndikumvanso kuti pa Boma mavenda akuzungulira kugula feteleza kwa anthu amene amati akusunga. Sindikunena munthu. Ndikungoti thumba losungidwa limamera miyendo, ndiye ine sindikufuna kumva kuti m'nyumbamo mwatsala thumba.

Zitsekerero ziwiri paphando, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe. Osasintha kanthu ndisanauzidwe.

Jeffrey

Matandani
19 Januwale 2024

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Kuno matupi ali bwino koma mitima ili m'mwamba. Kalata ino muyankhe tsiku lomwe mwailandira, chonde.

Tinadzala pa 9 Disembala. Wokulitsa tinathira Khirisimasi isanafike, zitsekerero ziwiri paphando monga munanenera, matumba onse awiri anatha. Chimanga chinabiriwira mpaka kuoneka chakuda, anthu odutsa ankaima kufunsa. Kumtunda kwenikweni kokha, kwa nsangalabwi kuja, masamba ena anapsa m'mphepete.

Mvula inadula pa 6 Januwale. Lero ndi tsiku la 13 kopanda ngakhale dontho. Masana masamba akupota ngati a anyezi. Alamu anu akuti wobereketsayu akagwa padothi louma ndi moto, chitsekerero chimodzi chomwe akuchiopa, nanga ziwiri. Pempho lawo ndi ili: muwalole kuti mvula ikagwa athire thumba limodzi lokha, linalo likhale. Ngati simukufuna likhale m'nyumba mwathu, likakhale kuchipinda kwa amayi, kapena tilipatsire a Mavuto libwerere kwa inu.

Ndakuimbirani katatu pa foni ya a Laimoni, a munda woyandikana nafe aja. Nambala yanu ikungoti sikupezeka.

Ine ndinawauza alamu anu kuti tingochita zimene tikuona ndi maso, inu mudzamva pambuyo. Amayi anakana, akuti mawu a Jeffrey sasinthidwa iye asakudziwa. Alamu anunso akana. Akuti pambuyo pa mawu aja a thumba lomera miyendo, iwo sangagone m'nyumba muli thumba limene munati lithe. Mawu amenewo anawapweteka, achimwene, ngakhale sanakuuzeni.

Tidikira yankho lanu mpaka mwezi uno uthe. Kupitirira apo chimanga chiyamba kumasula ngayaye, nthawi yothira idzakhala itadutsa. Mukapanda kuyankha titenga kuti mwakana.

Stelia

Chilomoni
16 Malichi 2024

Mchemwali wanga,

Kodi kumeneko mapepala anatha? Chilembere Novembala sindinalandire kalata yako ngakhale imodzi, kupatula kapepala ka phazi la Lusungu. Ndikhulupirira nsapato zinamukwana.

Foni yanga anandibera mu minibasi ku Limbe chaka chitangoyamba, ndakhala mwezi ndi theka wopanda. Nambala yatsopano ndalemba kuseri kwa pepalali. A Mavuto nawo anasowa, ndikumva kuti galimoto lawo linawonongeka, ndiye kalatayi ndapatsira kondakitala wina wa njira yomweyo.

Za ng'amba ndikuzimva pa wailesi, akuti chigawo chonse cha kummwera chakhudzidwa. Sindikuyembekezanso 28. Komabe amene anathira zambiri aposa amene anathira zochepa, mvula ikhale yotani. Ndikuganiza kuti tikafika pa 20 sitidandaula.

Undiuze mmene munda ukuonekera, ndipo mukakolola unditumizire nambala yeniyeni, yoyezedwa chitatongoledwa, osati yongoyerekeza ndi maso. Ndikufuna kuigwiritsa ntchito m'kalasi.

Moni kwa amayi ndi alamu.

Jeffrey

Matandani
4 Meyi 2024

Achimwene,

Tili moyo. Nsapato zinamukwana Lusungu, akuthokoza. Pepani za foni.

Mukuti simunalandire kalata, koma ine ndinalemba pa 19 Januwale, ndinaipereka m'manja mwa a Mavuto pa Boma. Ndinakupemphani kuti mulole tithire thumba limodzi lokha la wobereketsa chifukwa kunali kouma. Tinadikira masabata awiri, yankho osabwera. Pa 3 Febuluwale kunagwa kamvula kongopha fumbi, ndiye alamu anu anathira matumba onse awiri monga munalamulira. Ine ndinali pambuyo pawo kukwirira. Dzuwa linabweranso n'kukhala masabata atatu. Chimanga chinapsa kuyambira pansi, theka la munda linauma lisanabereke.

Nambala mukuifunayo ndi 7. Tatongola, tapeta, tayeza. Matumba 7, lomaliza losadzaza bwino.

A Laimoni anathira awiri, chitsekerero chimodzi paphando, apeza 11. Malire athu ndi mzere wa nandolo basi, mvula inali yomweyo.

Chimenechi chitifikitsa mwina Okutobala. Alamu anu ayamba kale kukonza kudimba kuti tidzale cha mthirira. Ine ndinali ndi mkwiyo ndi inu poganiza kuti munaiwerenga kalata ija n'kuinyalanyaza. Ngati simunailandiredi, basi, zinachitika.

Amayi akuti mubwere pa holide.

Stelia

Chilomoni
18 Meyi 2024

Stelia,

Ndawerenga kalata yako katatu. Ndilemba mosapsatira.

Tiyambe ndi a Laimoni. Chaka chabwino matumba awiri amabala 16, chaka chino abala 11. Ndiye kuti ng'amba yadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mvula mwati inali yomweyo, ndiye ng'amba yadya chimodzimodzi kwa inu. Tikachotsa gawo lomwelo pa 28, panayenera kutsala 19. Inu mwapeza 7.

Tsopano tiwerenge chobwerera. Chotuluka tikuchidziwa, tipeze cholowa. Ndi nambala iti imene ukaichotsera gawo limodzi mwa atatu patsala 7? Ndi 10. Ndipo 10 amatuluka pamene m'munda mwalowa thumba limodzi. Limodzi, Stelia. Ndinatumiza anayi. Atatu ali kuti?

Zoti feteleza anawotcha chimanga usandiuze. Feteleza ndi chakudya cha mbewu. Munthu wothira anayi sangapeze zochepa kuposa wothira awiri, masamu ake kulibe. Za kalata ya Januwale, ine sindinaione, ndipo n'zodabwitsa kuti kalata yokhayo imene ikanakuchotsani pamlandu ndiyo yasowa. Iwe sindikukunena. Ukuti unali pambuyo kukwirira, koma wokwirira saona zimene zili m'chitsekerero, ndipo mkazi amateteza mwamuna wake. Amene anafuna kusunga matumba kuyambira Novembala timamudziwa tonse.

Zandiwawa kwambiri. Matumba amenewo ndinawapeza movutika, ndimayenda wapansi kupita ku sukulu miyezi itatu.

Monga nkhoswe yako, ndalembera ankhoswe a alamu kwawo ku Magaleta. Ndawafotokozera zonse ndipo ndapempha kuti tikhale pansi mu Ogasiti ndikatsekera. Kufikira tsiku limenelo alamu asagwire khasu m'munda wa amayi.

Jeffrey

Matandani
2 Juni 2024

Alamu,

Ndikupatsani moni. Sindinakulemberenipo kalata, mukhululuke zolemba zanga, sukulu sindinapite nayo patali monga munanena.

Feteleza ndinathira yense ndi dzanja langa. Zitsekerero ziwiri paphando, kuyambira mzere wa kumsewu mpaka wa kunsangalabwi, ulendo woyamba ndi wachiwiri. Ndinkadziwa kuti chipsa. Ndinathira chifukwa munda si wanga ndipo mwini wake ananena. Matumba opanda kanthu alipo onse anayi, awiri achemwali anu anawasoka n'kukhala choyanikapo ufa. Sindikutumizirani chifukwa mudzati ndagula pamsika.

Masamu anu sindingawayankhe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mchere umakometsa ndiwo, koma amene wathira zikho ziwiri sadya ndiwo zokoma kawiri.

Kalata yanu inafika ku Magaleta. Ankhoswe anga maso anawafooka, ndiye anaipereka kwa munthu wina kuti awawerengere, pakhonde pali anthu asanu ndi atatu. Mayi anga anali pomwepo. Lamulungu lapitali kutchalitchi kuno anthu anali atamva kale.

Ndalima munda uno zaka zisanu ndi chimodzi. Migula yotchinga madzi kumtunda ndinakumba ndine, nthochi za m'malire ndinadzala ndine. Sindinatengepo chitsononkho kupita nacho kwathu. Mwandiletsa khasu, ndiye pano ndikhala ndikudya chiyani, ngati ndani? Ogasiti sindimudikira. Ndinyamuka Lachitatu kupita kwathu. Achemwali anu sindinawasiye ukwati, ndipo mwana ndi wanga. Dimba ndalisiya litadzalidwa, likungofunika kuthirira.

Ndine mlamu wanu,
Lameck

Matandani
23 Juni 2024

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi ali pompano akundiyang'ana.

Alamu anu anapita pa 5. Anatenga njinga, zovala ndi khasu lawo limodzi. Lusungu amafunsa tsiku lililonse, ndamuuza kuti bambo ake akukathandiza agogo.

Mwati wokwirira saona m'chitsekerero. Ine ndinasenza feteleza ameneyo pamutu m'beseni kuchoka kunyumba kukafika kumunda, maulendo osawerengeka, mpaka khosi linauma. Ndinakutumula ndekha thumba lomaliza. Koma poti ndine mkazi wa munthu, maso anga sawerengedwa, eti? Inu mundawo munaupondamo komaliza pa maliro a bambo. Mwauona pa bolodi, ife timauona ndi mapazi.

Kuchigayo amayi ena akandiona amatsitsa mawu. Alamu anu anthu awapatsa kale dzina, akuti a Matumba Atatu. Ana aliphunzira.

Dimba ndikuthirira ndekha, m'mawa ndi madzulo, zitini makumi anayi. Amayi sangathe kutsika kumtsinje. Iwo akuti mwina Jeffrey akudziwa zimene akunena poti ndi wophunzira, kenako amalira kuti Lameck sanawayankhepo mwano. Sakudziwa mbali yoima.

Sindikupemphani kanthu ulendo uno.

Stelia

Chilomoni
27 Julayi 2024

Alamu a Lameck,

Ndikupatsani moni, inu ndi onse a ku Magaleta. Kalata ino ndaitumiza kudzera kwa Stelia kuti ifike m'manja mwanu.

Lachiwiri a Mavuto anabwera ku sukulu kudzandifuna. Minibasi yawo inafera pa Lunzu pa 20 Januwale, yakhala pa galaja miyezi isanu ndi umodzi kudikira injini. Poitsuka anapeza envelopu yanga itagwera kuseri kwa mpando, yothimbirira ndi oyilo. Ndi kalata ya Stelia ya pa 19 Januwale. Zonse zimene ananena zilimo, ndi pempho lanu lomwe.

Ndinapita nayo kwa mnzanga wophunzitsa zaulimi, amene ndimakhala naye patebulo limodzi chaka chachinayi tsopano koma sindinamufunsepo. Anandifunsa kuti, “Matumba anayi pa ekala, padothi la nsangalabwi, kopanda mvula? Anakuuzani ndani?” Ndinati ndinadziuza ndekha.

Ndinalakwa pawiri, ndipo zonse ziwiri ndi zinthu zimene ndimadula nazo ana malikisi. Choyamba, lamulo lililonse lili ndi malire a zimene ungalowetsemo. Langa linayesedwa pa thumba limodzi, pa awiri, ndi popanda thumba. Kupitirira apo sindinkadziwa kanthu. Ndinaona manambala atatu akukwera molunjika n'kuganiza kuti akwera choncho mpaka kalekale. Chimanga sichitero. Feteleza akamachuluka zokolola zimakwera, kenako zimaima, kenako zimatsika, ngati njira yodutsa paphiri. Mvula ikachepa, nsonga ya phirilo imafika msanga.

Chachiwiri ndicho chinakupwetekani. Cholowa chimodzi chili ndi chotuluka chimodzi, zimenezo n'zoona. Koma zolowa ziwiri zosiyana zikhoza kutulutsa chinthu chofanana. Wokwera phiri ndi wotsikira mbali inayo amatha kukhala pa msinkhu umodzi. Matumba 7 akhoza kubwera chifukwa feteleza wachepa, akhozanso kubwera chifukwa wachuluka. Ine ndinaona 7, ndinasankha yankho limene linkandikomera, n'kukutchulani wakuba.

Manyazi andigwira, alamu. Munanena zoona mu Novembala, munanenanso mu Januwale, ndipo chimanga chinapsa chifukwa munandimvera. Pepani. Ndikupempha kuti mubwerere ku Matandani. Za munda kuyambira lero muzilamula ndinu, ine ndizingotumiza zimene mwanena. Ndalemberanso ankhoswe anu kuchotsa mawu anga onse, ndipo tikatsekera ndibwera ndekha ku Magaleta kudzanena ndi pakamwa.

Ndine mlamu wanu wolakwa,
Jeffrey

Magaleta, Neno
15 Seputembala 2024

Achimwene,

Muli bwanji? Mwaona pamwambapa pamene ndikulembera. Tili bwino, Lusungu wayamba Sitandade 1 kunoko.

Munabwera mu Ogasiti, munagwada pamaso pa ankhoswe, munanena zonse. Munachita bwino, ndipo alamu anu anakugwirani chanza ndi mtima umodzi, alibe nanu chifukwa. Munabwerera ku Blantyre mukuganiza kuti nkhani yatha, poti iwo anati aganiza. Aganiza, ndipo andituma kuti ndikuuzeni.

Ku Matandani sabwerera. Akuti za kuba zatha, koma chimene anaphunzira si chimenecho. Anaona chimanga chikupsa, akudziwa chochita, koma osatha kuchita chifukwa dothi si lawo. Mwati tsopano azilamula, iwo akuti mawu amenewo anabwera ndi kalata, akhozanso kuchoka ndi kalata. Mayi awo awadulira malo kuno, pafupifupi ekala. Ayamba kale kusosa. Dzina lija nalonso silinathe, kuchigayo akuitanabe, chifukwa amene anamva za matumba atatu ndi ambiri kuposa amene anamva za envelopu ya oyilo.

Ankhoswe awo anapempha kuti anditenge ndikakhale kwa mwamuna. Amafuna kudikira inu, ine ndinati mbali yathu ndiyankha ndekha, amayi anavomera akulira. Ndinasamuka pa 31 Ogasiti. Ndikudziwa chimene ndasiya. Munda uja unali woti udzakhale wanga, kenako wa Lusungu, ndipo kuno ndine mlendo, ndimapempha pothyola nkhwani. Zimandiwawa, sindibisa. Koma miyezi itatu ndinakhala ndi munda wopanda mwamuna, ndaona kuti sindingathe.

Amayi akana kutitsatira, akuti sangasiye manda a bambo. Chimanga cha kudimba ndinawasiyira chonse pamodzi ndi matumba atatu otsala pa 7 aja, chiwafikitsa Febuluwale akadya mosamala. Akazi a a Laimoni akuwatungira madzi. Ine ndizipita kawiri pamwezi, ndi ulendo wautali wapansi. Mwendo uja tsopano akuyendera ndodo.

Feteleza chaka chino musatumize kaye, palibe woti athire. Munda uli chomwecho ndi mapesi ake, anthu onse ayamba kugalauza. Lachisanu ndili kumeneko amayi anaima pakhonde kuyang'ana kumtunda, anandifunsa kuti mizere chaka chino aunga ndani. Ndawauza kuti ndikufunsani inu.

Mchemwali wanu,
Stelia